Mpando wa Wosunga Nyambo

Bwato la a Clovis, mnzawo wa amuna anga, limakwera anthu awiri basi. Wachitatu akati aponderemo, madzi amafika m'milomo mwa bwatolo, ndipo mtsinje wa Saône kumapeto kwa Epulo si woseweretsa. Mpando wakumbuyo ndi wa eni ake, poti ndiwo amapalasa. Wakutsogolo ndi wa munthu amene wasunga nyambo. Asodzi akwathu amati brochet, chinsomba cholusa chamano chija, chimakopeka ndi kansomba kamoyo kothamanga, ndiye amene wabwera ndi ndowa ya tinsomba tamphamvu tsiku lotsegulira nyengo yowedza ndiye amakhala kutsogolo. Palibe amatsutsa zimenezi kudoko kwathu.

Zaka zonse za ukwati wathu mpando umenewo unali wa amuna anga, a Norbert. Tinsombato ankatisunga m'bafa lakale m'galaja, pansi penipeni pa chipinda chathu, ndipo pampu yawo ya mpweya inkalira usana ndi usiku mpaka ine kudandaula kuti ndinakwatiwa kuchigayo. Anatisiya mu Novembala, masamba atangoyoyoka m'mitengo.

Mu Malichi a Clovis anafika kwathu ndi mkamwini wawo Yoann, mwamuna wamtali wa galimoto yonyezimira, amene chilichonse amayamba wachiwerenga kaye pafoni. Ndinawathirira khofi. A Clovis anazungulitsa kapu m'manja, maso ali kudenga.

"Alamu, tabwera kudzakupepuzani," anatero. "Chibafa chija chikungokudyerani malo m'galajamo. Yoann akuti achinyamule. Chaka chino nyambo asunga ndi iyeyu."

"Bafa silikupita kulikonse," ndinayankha. "Nyambo ndisunga ndine. Mpando uja ndikhalapo ndine."

Yoann anaseka, akuyesa ndikucheza. A Clovis sanaseke, poti amandidziwa.

"Inu alamu, m'bwato?"

"Nanga ndine mchere kuti ndikasungunuka?"

"Ayi, si choncho. Kungoti kumazizira, kumakhala nkhungu, ndiye msana..."

"Msana wanu ndi umene umalira ngati chitseko mukamadzuka pampando. Wanga uli bwinobwino."

"Mayi, kusunga nyambo ndi nkhani ya zida," Yoann analowererapo. "Pamafunika kudziwa kuchuluka kwa mpweya m'madzi, kutentha kwake, zonsezo."

"Iwe mwana, madzi a m'bafa limenelo ndakhala ndikusintha iwe usanamere mano."

A Clovis anakanda m'mutu. Anali pakati pa mkazi wa mnzawo wapamtima ndi mwamuna wa mwana wawo, ndipo onse awirife tinali kuwayang'ana. Mapeto ake anathawira kumwambo. Anati aliyense asunge zake, ndipo m'mawa wa tsikulo iwo adzapisa dzanja m'ndowa zonse ziwiri. Amene tinsomba take tidzakhale tamphamvu ndiye adzakwere.

Ndinene mosabisa chifukwa chake ndinalimba mutu. Sindinkafuna kuti munthu wina akhale pamalo pa amuna anga, ndipo ndikangoganiza za Yoann atakhalapo ndi foni yake, mtima unkandiwawa. Komanso chaka chilichonse a Norbert ankabwera kuchokera kumtsinje tsiku limenelo nkhope ili mwee, agwire asagwire, ndipo ndikafunsa kuti kunali zotani ankangoti, "Kunali bwino." Ndinkafuna ndikaone ndekha bwino ameneyo.

Kuwedza tinsomba ta nyambo sikunandivute. Ndawedza pagombe Lamlungu lililonse kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndimadziwa pamene tinsomba tamaso ofiira ta gardon timasonkhana, kumunsi kwa mlatho. Madzi ndinali nawo amvula m'mgolo, poti a pampopi ali ndi mankhwala opha nsomba. Chinandigwetsa ulesi ndi pampu. Nditailumikiza kumagetsi inatsokomola kawiri, kenako inatulutsa fungo la waya wopsa, nkungoti zii. Inali yatha, basi.

Ndinapita kusitolo ya Nadège, yogulitsa mbedza ndi zingwe, kuseri kwa tchalitchi. Nadège ndi mzimayi wa msinkhu wanga, wa mawu okhuthala, amene anakulira m'fungo la mphutsi za nyambo. Anandiyalira mapampu pakauntala ngati akugulitsa nsapato.

"Kameneka n'ka mabatire," anayamba. "N'kabwino paulendo, ukakakoleka pandowa. Koma usakadalire kunyumba, mabatire amatha iwe uli kumsika."

"Kandowa ndili nako kale. Ndikufuna ya bafa."

"Iyi ndi ya madamu a nsomba." Anamenya ndi chikhatho chinthu chachikulu ngati poto. "Yoann wanyamula mnzake dzana. Ndinamuuza kuti yakula, akuti mpweya suchuluka."

"Iyike m'madzi ndione."

Anaviika paipi yake m'thanki ya m'sitolomo. Madzi anatumphuka ngati aikidwa pamoto, tinsomba tonse nkuthawira pakona, tikukankhidwa uku ndi uku. Ndinapukusa mutu. Nsomba yosungidwa imafunika ipume, osati ipalase tsiku lonse ngati ikuthamangitsidwa.

"Nanga iyo?"

"Aa, iyi ndiye dona." Anatulutsa kapampu koyera, kosalala, kokhala ndi timapaipi tiwiri, kalikonse ndi kamwala kake kumapeto. Atakayatsa, timathovu tosalala tinayamba kukwera mwaulemu, tinsomba nkubwerera pakati. Ndinatchera khutu. Sindinamve kanthu.

"Kayaka?"

"Kayaka. Kameneka ungagone nako pabedi."

Ndinakonda pomwepo. Zaka zonsezi ndikulira ndi phokoso, lero ndapeza kachete. Ndinatuluka m'sitolomo ndikuyenda ngati ndawina kale, ndipo nditakumana ndi Yoann pamalo ogulira buledi ndinamufunsa ngati nsomba zake waziphunzitsa kusambira m'chimphepo.

"Mudzaona, mayi," anatero akumwetulira. "Zanga zikuchita masewera olimbitsa thupi. Zanu zikungonenepa."

Kapampuko ndinakaika pashelefu pamwamba pa bafa, monga ankachitira a Norbert, kuti magetsi akazima madzi asabwerere m'paipi nkukalowa m'makina. Ndinavundikira bafa ndi ukonde kuti tinsomba tisadumphe. M'mawa uliwonse ndinkachotsako madzi pang'ono nkuthiramo ena, ndi kumwaza nyenyeswa za buledi zochepa, poti ukadyetsa kwambiri madzi amaonongeka. Tinsombato tinandizolowera. Ndikangotsegula chitseko tinkabwera mbali yanga, kukamwa kuli yasa.

Koma mtendere umene ndinagulawo sunandipatse mtendere. Ndikakhala kukhitchini, nyumba ili zii, ndinkayamba kudzifunsa: kodi kakugwira ntchito? Ndinkatsika masitepe, ndikupeza timathovu tikukwera, ndikukweranso. Pakapita kanthawi, funso lomwelo. Mawondo anga anayamba kundida. Kenako ndinadzidzudzula ndekha kuti Arlette, wakula, siya kuvutika ndi makina atsopano, ndipo ndinaleka kutsikatsika.

Tsiku lina masana kunatentha mosayembekezeka, kutentha kwa Epulo kumene kumabwera ngati mlendo wosaitanidwa. Ndinali pamwamba ndikusita makatani, wailesi ikuimba. Nditatsika kukatenga anyezi m'galaja, ndinaona madzi a m'bafa ali bata ngati galasi. Paipi inali itavuka pa kapampu, ikulendewera. Kapampuko kanali kakupopa mpweya wake m'mlengalenga, mwakachetechete, mwaulemu wake uja. Tinsomba tonse tinali pamwamba, tikumeza mpweya movutika, ndipo tambiri tinali titagona chagada, mimba zoyera zili poyera.

Sindinakuwe. Ndinabwezeretsa paipi, ndinatenga jagi nkuyamba kutunga madzi a m'bafamo ndi kuwathiranso kuchokera m'mwamba, kutunga, kuthira, kutunga, kuthira, mpaka mkono unachita dzanzi. Tina tinatembenuka nkuyambanso kusambira mwaulesi. Tina ayi. Takufato ndinatiwola ndi sefa, ndipo mphaka wa aneba anadya ngati pa ukwati tsiku limenelo. Ndinakwiya kwambiri, ndipo ndinachita mantha, chifukwa nthawi inali itatha yoti nkuyambiranso, ndipo mtsinje unali utadzaza ndi mvula ya kumtunda, madzi ali bii, osawedzeka.

M'mawa mwake ndinali pakhomo pa Nadège asanamalize kutsegula.

"Ndikufuna pampu yaphokoso."

"Wati chiyani?"

"Yaphokoso. Yolira. Yoti ndiziimva ndili kukhitchini."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Arlette, wamwa chiyani m'mawa uno? Anthu amabweza mapampu kuno chifukwa cha phokoso. Palibe anabwerapo kudzaligula."

"Ndiye ndine woyamba. Dona wako uja wandiphera nsomba ali chete. Wantchito wosalankhula sindimufuna."

Nditamufotokozera, anaseka mpaka kutsokomola, kenako analowa kuchipinda chakumbuyo. Ndinamumva akusuntha makatoni uku akutukwana fumbi. Anatuluka ndi pampu yakuda, yooneka ngati njerwa.

"Iyi anaibweza mphunzitsi wina, akuti mkazi wake anamuuza kuti asankhe, iye kapena pampu. Mphamvu yake ndi yofanana ndi ya dona uja, mpweya ndi womwewo. Koma pakamwa!"

Anaiyatsa. Inayamba kunjenjemera nkumayenda yokha pakauntala, ikulira mokhuthala. Ndinamuuza kuti avule paipi ndimve. Atavula, kulira kunasintha, kunakhala kopyapyala, kothamanga. Atabwezeretsa, kunabwerera pansi. Ndinamuuza abwerezenso, ndipo ndinatseka maso kuti khutu ligwire bwino.

Pamenepo ndinakumbukira a Norbert akudzambatuka patebulo pakati pa chakudya, supuni ili m'manja, nkuthamangira kugalaja. Ine ndinkati ndi misala ya asodzi. Kani ankamva pampu yawo ikusintha mawu.

"Ndatenga yomweyi," ndinatero. "Undipatsenso tomangira paipi, tolimba."

"Ukagona bwanji?"

"Ngati mwana."

Ndinakaiika pashelefu yomwe ija, nditaigundiza kukhoma kuti mawu ake azikwera bwino m'nyumba. Dona uja sindinamutaye, ndinamulumikiza mbali ina ya bafa kuti azithandizira, koma ndinadziwa amene ndikumudalira. Kuyambira tsiku limenelo sindinatsikenso masitepe pachabe. Ndinkaphika, kuchapa, kuwerenga nyuzi, khutu limodzi lili pansi. Tinsomba totsalato tinali tochepa, koma tinachira, tinayambanso kuthamangitsana, ndipo palibe kena kanafa.

Loweruka lotsegulira ndinafika padoko kukuyamba kuyera. Nkhungu inali itagona pamtsinje. Magalimoto anali ndii m'mbali mwa msewu, amuna akutsitsa ndodo ndi madengu, ena atayamba kale kudula soseji ndi kutsegula vinyo woyera ngati kwacha kalekale. Ndinatsitsa ndowa yanga, kapampu ka mabatire kakulira pambali pake. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Si akazi a Norbert awo?" Ndinamupatsa moni mokweza kuti adziwe kuti makutu anga ndi abwino.

Yoann anafika ndi chibokosi chabuluu cha matayala, chokhala ndi chivundikiro ndi kawotchi koonetsa kuzizira kwa madzi. Anachiika pafupi ndi ndowa yanga. Ndowayo inaoneka ngati mwana wamasiye.

A Clovis anapinda mkono wa juzi. Anayamba ndi bokosi la mkamwini wawo. Nsomba zinalimo zambiri, kuposa zanga kutalitali, ndipo zonse zinali zamoyo. Koma dzanja litalowa, sizinathawe. Anatola imodzi ngati akutola mbatata. Mamba anali atasupuka m'mbali, zipsepse zitang'ambika, ndipo inangogona m'chikhatho ikutsegula kukamwa.

"Mwana wanga, nsombazi wazimenya ndi chiyani?"

"Sindinazikhudze, apongozi. Mpweya zinali nawo wokwanira, ndinayeza."

"Zatopa izi. Zakhala zikulimbana ndi mafunde m'galaja mwako. Iyi ukaiponya ikangomira ngati mwala."

Kenako anapisa m'ndowa mwanga. Madzi anaphulika. Kansomba kena kanadumpha nkuwamenya pachibwano, kena kanapulumuka pakati pa zala. Anasakasaka, akutukwana pansipansi, mpaka anatulutsa dzanja lopanda kanthu, madzi akuyenderera m'chigongono. Amuna amene anatizungulira anaseka.

"Izi ndiye ziwanda," anatero a Clovis akupukuta kumaso. Anayang'ana Yoann, kenako ine. "Alamu, kwerani."

Ndimupatse ulemu wake Yoann: sanakwinye nkhope. Ananyamula ndowa yanga nkukaiika m'bwato, anandigwira mkono pokwera, nkunena kuti chaka chamawa tidzaonana. Ndinamuuza kuti apite kwa Nadège akapemphe pampu yaing'ono, ndipo ulendo uno amvere.

A Clovis anapalasa mosafulumira. Doko linazimirira m'nkhungu, mawu a anthu nkutsalira kumbuyo. Mpando wakutsogolo unali wozizira, wonyowa ndi mame, ndipo ndinakhalapo mowongoka. Tinadutsa mlatho, tinakhota pamene mtsinje umapanga chigwembe chabata chodzaza mabango, ndipo iwo anaponya nangula mwakachetechete. Ndinathira madzi a mumtsinje m'ndowa pang'onopang'ono kuti tinsomba tizolowere kuzizira kwake.

Anandipatsa ndodo, mbedza ya mano atatu ikulendewera kumapeto kwa waya. Anangokhala, manja ali pamaondo.

Apa ndiye panali ntchito imene ndinali ndisanaigwirepo. Mphutsi ndakolekapo zosawerengeka, koma kansomba kamoyo ayi. Ndinanyowetsa dzanja, ndinapisa m'ndowa, ndipo poti tinkandidziwa, kamodzi kanabwera kokha kudzafuna buledi. Ndinakagwira. Kanali kozizira, kamphamvu, kakugunda m'chikhatho changa. Diso lake lofiira linali pa ine. Kameneka ndinakapulumutsa ndi jagi, mkono mpaka kuchita dzanzi, kuti lero ndikabaye.

Zinandiwawa, sindinama. Koma wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Ndinapeza malo ake kumsana, pansi pa chipsepse, ndinalowetsa dzino limodzi la mbedza mosazamitsa kuti ndisakhudze fupa, ndipo ndinachita msanga kuti kasavutike m'manja. Ndinaponya mofatsa kufupi ndi mabango. Choyandama chofiira chinakhazikika pamadzi, kenako chinayamba kuyenda chokha, kansomba kakuchikoka pansi.

Nditatembenuka ndinapeza a Clovis akundiyang'anitsitsa, kukamwa kuli pululu.

"Bwanji? Ndalakwitsa?"

"Ayi. Mwakhoza." Anagwedeza mutu. "Mwakhoza kwambiri. Ndimadikira kuti mundipatse ndikukolekereni."

"Chifukwa ndine mzimayi?"

"Ayi, alamu. Chifukwa cha mpando mwakhalapowo." Anayang'ana kumabango. "Norbert sanakolekepo ngakhale kamodzi. Zaka zonsezi. Ankati nsombazo akazisunga masabata onsewo zimamudziwa, ndiye dzanja limakana. Ankandipatsa ndodo, nkutembenukira uko, kumanamizira kuthira khofi mpaka nditamaliza. Ndipo tikamabwerera, zotsala zonse ankazimasula pompano, imodziimodzi, akuzipepesa."

"A Norbert? Aja ankadzitama patebulo kuti brochet imawadziwa dzina?"

"Omwewo. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu kudoko. Makamaka inu. Ankati mukadziwa mudzamuseka mpaka kumanda."

Ndinafuna kuseka, ndipo ndinasekadi, koma kusekako kunathyoka pakati. Ndinagona ndi munthu ameneyo bedi limodzi moyo wanga wonse, ndinkadziwa mmene amatsokomolera ndi mbali imene amagonera, koma ichi anandibisira chifukwa cha manyazi, ndipo chinali chinthu chimene ndikanamukondera koposa. Misozi inatsika yotentha pamasaya ozizira. Sindinaipukute, poti manja anali a nsomba.

A Clovis anandisiya ndilire. Patapita kanthawi anakoka ndodo yawo, anayesa kutsegula zala zawo zotupa ndi nyamakazi, nkuziyang'ana mokhumudwa.

"Chaka chatha ndinavutika kukolekera anthu awiri ndi zala zimenezi," anatero motsitsa mawu. "Chaka chino ndimaopa kuti ngakhale yanga yomwe indikanika, ndiye ndimati ndibwere ndi Yoann. Sindimafuna kukuuzani."

Anandilozetsa mbedza yawo.

"Bweretsani kuno," ndinatero, ndipo ndinapisanso dzanja m'ndowa.